Banki ikakana, tisakhale cete mpaka nyumba ipite

Amene amawerenga masamba a zidziwitso m'manyuzipepala athu aona kuti pakati pa zidziwitso za maliro, za misonkhano ya makopaletivu ndi za ng'ombe zosowa, pamakhalanso timabokosi tolengeza nyumba ndi mafamu amene mabanki afuna kugulitsa. Pamwamba pake pamalembedwa mau a Cingerezi akuti mortgagee in possession, kutanthauza kuti wokongoza ndalama watenga malowo ndipo afuna wogula. Ambiri a ife timangoyang'ana nambala ya puloti ndi dera lake, basi n'kupitirira ku nkhani za mpira. Koma kuseri kwa kabokosi kalikonse kuli banja, kuli ana a sukulu, kuli mitengo ya mango imene wina anabzala ndi manja ake. Mwina banja limenelo timakhala nalo benchi imodzi pa Sondo, ife osadziwa kanthu.

Njira yofika pa kabokosi kameneko ndi yaitali, ndipo siyamba ndi mabelifi. Imayamba ndi mwezi umodzi umene munthu walephera kulipira, kenaka waciwiri, kenaka wacitatu. Mwini nyumba amavala jekete yake napita kwa manijala kukapempha kuti nkhongole aikonzenso: amuonjezere zaka, amucepetsere ndalama za pamwezi, kapena amulole kupuma mpaka akolole. Pakapita masabata kumabwera kalata ya mizere itatu yonena kuti pempho lakanidwa. Apa mpamene ambiri amataya mtima. Kalata aipinda, aiika pansi pa sutukesi, mkazi osamuuza, ana osawauza, foni ya ku banki osayankha. Ife tinena kuti tsiku la kalata imeneyo sindilo tsiku lotaya nyumba. Nyumba imatayika m'miyezi yotsatira, miyezi ya manyazi ndi kukhala cete, pamene munthu akanatha kucitapo kanthu. Akuluakulu anati dzedzere-dzedzere salingana ndi kugweratu.

Tonse tikumbukira cilala ca 2024. Pa 29 February caka cimeneco mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupi-fupi miliyoni imodzi citapserera m'munda. Zokolola za cimanga zinatsika kucoka pa matani oposa 3 miliyoni mu 2023 kufika pa 1.5 miliyoni cabe. Madzi atacepa ku Kariba malaiti anayamba kuzima maola oposa 17 pa tsiku, motero wa cigayo, woweta nkhuku ndi wothirira dimba ndi pampu ya magetsi onse anakhala manja lende. Mvula inabweranso bwino mu 2025 ndipo nkhokwe zinadzaza, koma nkhongole sidziwa kuti mvula yabwerera. Ciongoladzanja ca mabanki m'zaka zimenezo cinali kupitirira 25 peresenti pa caka. Tiyerekeze munthu wa nkhongole ya K200,000 pa 28 peresenti: pa caka amaonjezeredwa K56,000, ndiye kuti pafupi-fupi K4,700 mwezi uliwonse, asanakhudze n'komwe ndalama imene anakongola. Caka cimodzi coipa cimatha kumeza zaka zitatu zabwino.

Amene ali pa ngozi imeneyi si olemera okha. Ena ndi makolo athu amene anagula nyumba za khonsolo pamene boma la a Frederick Chiluba linazigulitsa kwa okhalamo kuyambira mu 1996. Ena ndi alimi amene, potsatira lamulo la malo la 1995, anapempha cilolezo kwa mfumu ndi ku khonsolo natenga taito ya zaka 99 pa munda wa makolo. Munda wa kwa mfumu banki siulandira ngati cikole. Munda wa taito imaulandira, ndipo ukapita supita kwa mbale, upita kwa aliyense amene ali ndi ndalama. Enanso sanakongole ngakhale ngwee imodzi. Anangobwereketsa taito yao kwa mwana kapena kwa mkamwini kuti akatengere loni ya bizinesi. Amenewa adziwe kuti pa lamulo siginecha yao ndiyo inamangirira nyumba ku nkhongole, ndipo mwana akalephera banki idzagogoda pa citseko cao. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.

Tisanapitirire tinene zoona. Nkhongole ndi nkhongole, ndipo ndalama za ku banki ndi za anthu anzathu amene anasungitsa kumeneko. Alimi akale akumbukira Lima Bank imene inatsekedwa mu 1997. Cimodzi mwa zimene zinaigwetsa ndi nkhongole zosabwezedwa, ndipo itagwa mlimi wamng'ono anakhala zaka zambiri alibe kokongola. Cotero sitiphunzitsa munthu kuthawa zimene anasainira. Koma kulephera kulipira si umbava, ndipo kupempha kuti malipiridwe asinthe si cinthu ca manyazi. Dziko lathu lomweli linalephera kulipira ciongoladzanja ca nkhongole zake zakunja mu November 2020. Nduna sizinakabisale kucipinda. Zinakhala pa tebulo, kukambirana ndi kubwerera, mpaka mu June 2023 pamene maiko otikongoza anavomera kukonzanso nkhongole ya madola 6.3 biliyoni. Ngati boma linapirira zaka zoposa ziwiri ndi theka likupempha, mlimi atayirenji mtima pa kalata imodzi?

Coyamba cimene munthu wokanidwa ayenera kucita ndi kulemba kalata. Kudandaula pakamwa pa kauntala sikusiya umboni. M'kalatamo afunse zinthu zitatu: cifukwa cimene pempho lakanidwira, sitetimenti yonse ya nkhongole kucokera tsiku loyamba, ndi kope ya pangano limene anasaina. Kalatayo ikhale ndi deti, ndipo kope yake aidinditse ku banki aisunge. Akalandira sitetimenti akhale pansi ndi munthu wodziwa masamu, kaya mphunzitsi, kaya msungicuma wa kopaletivu, aone mzere ndi mzere. Pali zifukwa zocitira zimenezi. Bwalo lalikulu la Supreme Court linagamula mu 1997 kuti banki singaike ciongoladzanja pamwamba pa ciongoladzanja ngati wokongola sanavomere, ndipo kuti ciongoladzanja ca cilango n'cosaloledwa. Lamulo la mabanki la 2017 linaletsanso ciongoladzanja ca cilango, ndipo linaika malire: nkhongole ikaima kulipiridwa, ciongoladzanja cimene banki ingatolere cisapose ndalama yeniyeni imene inatsala pa nthawi imene nkhongoleyo inaima, kupatula zimene banki yaononga potolera. Munthu amene sanaone sitetimenti yake sangadziwe ngati malire amenewa atsatidwa.

Wina anganene kuti banki silakwitsa masamu. Zimene zinacitika ku America zitiphunzitsa zina. Cuma ca dziko limenelo citagwedezeka mu 2008, mabanja mamiliyoni analephera kulipira nyumba zao. Mu 2009 boma la a Barack Obama linayambitsa pulogilamu yoti mabanki azikonzanso nkhongole za nyumba, koma ambiri amene anapempha anakanidwa. Mu 2010 zinaululika kuti anchito ena a mabanki anali kusaina mapepala olandira nyumba mazana-mazana osawawerenga n'komwe, ndipo mu 2012 mabanki asanu akulu-akulu anavomera kulipira madola 25 biliyoni kuti nkhaniyo ithe. Zimenezi zinadziwika cifukwa eni nyumba ena sanathawe, anapita ku khoti ndi maloya ao nafunsa mafunso. Malamulo a ku America si athu, ndipo pulogilamu imeneyo inatha mu 2016. Cimene titengapo ife n'cakuti pepala la ku banki limalembedwa ndi munthu, ndipo munthu amalakwa.

Caciwiri ndi kubwerera ku banki, koma osati cimanja-manja. Nthawi zambiri pempho loyamba limakhala misozi yokha-yokha, ndipo banki siwerenga misozi, imawerenga manambala. Pempho laciwiri linene ndalama imene munthu angapereke lero, imene angapereke mwezi ndi mwezi, ndi kumene idzacokera. Mlimi aonetse malisiti a zokolola za zaka zapita, pangano la wogula soya, thonje kapena fodya ngati lilipo, ndipo apemphe kuti malipiro akulu azigwa pambuyo pa kukolola, osati mu January pamene m'thumba muli mphepo. Ndalama yoyambira ingacokere pa kugulitsa ng'ombe ziwiri, galimoto kapena puloti ina yosamangapo. Ena ali ndi zipinda za kuseri zoti angaikemo anthu a lendi. Ena angasamukire m'nyumba yaing'ono kwa zaka ziwiri, nyumba yaikulu n'kuiika pa lendi kuti idzilipirire yokha. Amene anagwirapo nchito ya malipiro akumbukire kuti kuyambira mu 2023 lamulo linalola mamembala a NAPSA okwaniritsa zofunika kutapa 20 peresenti ya zosunga zao kamodzi asanapume pa nchito. Ndalama ya ukalamba si yoseweretsa, koma denga nalonso ndi la ukalamba.

Pali cinthu cina cimene ambiri amaiwala, ndico inshuwalansi. Nkhongole zambiri za nyumba zimakhala ndi inshuwalansi ya moyo imene wokongola amalipira osazindikira, ndipo nkhongole zina za ulimi zimakhala ndi inshuwalansi ya mbeu. Ngati wokongola anamwalira, analumala, kapena mbeu zinapsa ndi dzuwa, funsani ngati inshuwalansi inalipo ndipo ngati ndalama zake zinapemphedwa. Funsaninso ku mabanki ena kapena ku Zambia National Building Society ngati angagule nkhongoleyo pa zaka zocuruka. Koma izi zifuna kufulumira, cifukwa dzina likalembedwa ku ofesi yosunga mbiri ya okongola kuti munthu salipira, zitseko zina zimatsekeka. Ngati muona kuti masamu sali bwino kapena makalata anu sayankhidwa, banki iliyonse ili ndi njira yolandirira madandaulo, ndipo ikalephera mungapite nao ku Bank of Zambia imene imayang'anira mabanki onse. Dziwani cabe kuti dandaulo palokha siliimitsa mlandu wa ku khoti.

Cacitatu ndico cacikulu koposa: masamoni akabwera, pitani ku khoti. Kawiri-kawiri banki imapita ku High Court kukapempha kuti ilipiridwe, ipatsidwe nyumba, ndi kuloledwa kuigulitsa. Mapangano ena amapatsa banki mphamvu yogulitsa ikangopereka cidziwitso, n'cifukwa cake tanena kuti kope ya pangano muitenge ndi kuiwerenga. Masamoni ali ndi masiku owerengeka oyankhira, ndipo yankho limakhala lolembedwa ndi lolumbirira. Munthu akapanda kuyankha, woweruza amamva mbali imodzi cabe ndi kugamula pa zimene wamva. Akaonekera angatsutse masamu olakwika, angapemphe kuti nkhani ipite kwa mkhalapakati wa khoti kuti akambirane, ndipo angapemphe nthawi. Oweruza amapereka masiku oti munthu alipire nyumba isanatengedwe, nthawi zina 60 kapena 90, ndipo amamvetsera bwino munthu amene aonetsa njira yeniyeni yolipirira kuposa amene angolonjeza. Lamulo limati cikole ndi cikole cabe: nyumba ikali yanu, ndipo muli ndi ufulu woiombola mwa kulipira zonse malinga ngati siinagulitsidwe kapena khoti silinatseke nkhani kotheratu.

Tidziwa kuti dzina la khoti limaopsa, ndipo loya ndi wodula. Koma boma lili ndi bungwe la Legal Aid Board lothandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, ndipo lili ndi maofesi m'mizinda ikulu-ikulu ya zigawo, kuphatikizapo Chipata. Azimai angafunsenso ku National Legal Aid Clinic for Women. M'madayosizi ena muli alangizi a zamalamulo a Caritas amene angawerenge mapepala anu ndi kukulozerani koyenera. Popita tengani zonse: pangano, sitetimenti, malisiti, makalata a ku banki ndi makope a makalata anu. Pitani sabata imene masamoni afika, osati m'mawa mwa tsiku la mlandu. Zengerezu analinda kwaukwau.

Tsopano tinene za dzenje limene ambiri amagweramo pothawa banki, ndilo kaloba. Munthu akapanikizika kumabwera anthu a mau okoma amene amati ndalama ilipo lero lomwe, bweretsani taito cabe. Tonse tidziwa kawerengedwe ka kaloba: K1,000 lero, K1,500 pakutha mwezi. Coopsa kwambiri n'cakuti ambiri a iwo sakusainitsani pepala la nkhongole. Amakusainitsani pepala lonena kuti mwawagulitsa nyumba, n'kukuuzani pakamwa kuti mukabweza adzaling'amba. Mukacedwa mwezi umodzi mumapeza dzina pa taito lasintha. Milandu yotere yafika m'makhoti athu kambiri-mbiri, ndipo kutsimikizira woweruza kuti munali kukongola pamene pepala linena kuti munagulitsa ndi nchito yaikulu. Lamulo la okongoza ndalama limafuna kuti wocita bizinesi imeneyi akhale ndi laisensi, ndipo limaona ciongoladzanja coposa 48 peresenti pa caka ngati copitirira muyezo. Wa kaloba amatenga zoposa pamenepo pa mwezi umodzi. Cimodzi-modzi cenjerani ndi amene amati adziwana ndi akulu-akulu a ku banki kapena a ku khoti, muwapatse kangacepe kuti fayilo isowe. Ndalama idzasowa, fayilo idzakhalapo.

Palinso mau owawa amene mnzako weniweni yekha ndiye angakuuze. Nthawi zina masamu sakwana. Ngati mwawerenga zonse ndipo muona kuti ngakhale mvula igwe bwino zaka zitatu nkhongole siidzatha, ndi bwino kugulitsa nokha kusiyana ndi kudikira kuti akugulitsireni. Wogula akadziwa kuti malo agulitsidwa ndi banki amabwera ndi mtengo wa pansi, ndipo mwezi uliwonse wodikira umaonjezera ciongoladzanja, malipiro a maloya a banki ndi a mabelifi, zonse pa mutu wanu. Tiyerekeze nyumba ya K600,000 ndi nkhongole ya K250,000. Mwini wake akaigulitsa yekha pa mtengo wabwino angabweze nkhongole, alipire msonkho, n'kutsala ndi ndalama zogulira puloti ndi kumanga zipinda zitatu. Akadikira zaka ziwiri angatuluke ndi mipando yokha. Kugulitsa kotere kufuna cilolezo colembedwa ca banki popeza taito ili m'manja mwao, kufuna cilolezo ca ofesi ya za malo, ndipo wogulitsa amalipira msonkho wosinthira umwini umene mu 2025 unakwera kucoka pa 5 kufika pa 8 peresenti. Ndalama zidutse kwa loya, osati m'thumba la munthu wa pakati.

Kwa alimi pali njira ina ya pakati. Famu ya mahekitala 50 siifunika kupita yonse cifukwa ca nkhongole imene mahekitala 10 angabweze. Mungapemphe banki kuti ilole kudula gawo, opima malo apime, gawolo ligulitsidwe, nyumba ndi citsime zitsale. Mungabwereketsenso gawo la munda kwa mlimi mnzanu kwa zaka zingapo, ndalama zake zizipita ku banki mwacindunji. Zimenezi zimatenga miyezi, n'cifukwa cake ziyenera kuyamba kalata yokana itangofika. Ndipo ngati zafika poti banki yagulitsa, nkhani siinathe. Banki ili ndi udindo wofuna mtengo woyenera, osati kutaya malo kwa mnzake wa manijala. Ikatenga zake, zotsala ndi zanu, ndipo muli ndi ufulu wofunsa malo anagulidwa zingati ndi mmene ndalama zinagawidwira. Dziwaninso kuti mtengo ukacepera nkhongole, zotsalazo adzakulondolani nazo. N'kwanzeru kupeza wodziwa kuyesa mitengo ya malo kuti akulembereni mtengo weniweni malo asanagulitsidwe.

Zonsezi sizingacitike ngati m'nyumba momwemo muli cinsinsi. Abambo anzathu, tinene nanu poyera. Si ulemu kuti mai wa m'nyumba adziwe za nkhongole tsiku limene mabelifi atulutsa mapoto pabwalo. Mai amene munamubisira ndiye mwina ali ndi cilimba, ali ndi nkhuku, ali ndi mlongo wake ku Lusaka kapena ku migodi amene akanathandiza pamene nkhongole inali yaing'ono. Ana akulu amene ali pa nchito ali ndi ufulu wodziwa kuti nyumba imene anakuliramo ili pa ngozi. Adzakwiya, inde, koma mkwiyo wa lero ndi wopepuka kuposa wa tsiku losamuka. Ndipo kwa amasiye tinena kuti imfa ya bambo sithetsa nkhongole, koma sipatsanso acibale ufulu wogulitsa nyumba mwakabisira. Lamulo la cuma ca masiye la 1989 limati nyumba ndi ya mkazi ndi ana, ndipo woyang'anira cuma sangaigulitse popanda cilolezo ca khoti. Mai wamasiye apite yekha ku banki ndi kalata ya imfa, afunse za inshuwalansi, afunse sitetimenti.

Nanga ife a mumpingo mbali yathu ndi yotani? Buku la Nehemiya, mutu 5, limasimba za nthawi ya njala pamene anthu anapereka minda ndi nyumba zao ngati cikole kuti apeze cakudya. Anthuwo anadandaula mokweza, amuna ndi akazi omwe, ndipo Nehemiya anaitanitsa msonkhano waukulu nkhani n'kukambidwa poyera. Ife m'maparishi mwathu timadziwa kusonkha pa maliro, timadziwa kupikisana pa zopereka za masika, koma munthu wa nkhongole timamunong'ona. Tikamva kuti nyumba ya uje ili m'nyuzipepala timati anali kudzionetsa, ena mwa ife n'kuyamba kufunsa mtengo. Mcitidwe umenewu ndiwo umacititsa anthu kubisa mpaka madzi afike m'khosi.

Sitinena kuti parishi ibweze nkhongole za anthu. Tumagulu twathu tosunga ndi kukongozana sitingakwanitse K200,000, ndipo si bwino kuika ndalama za amai ogulitsa tomato pa ngozi yotere. Koma pafupi-fupi parishi iliyonse ili ndi munthu amene anagwirapo nchito ku banki, ku khoti, ku khonsolo kapena ku ofesi ya zamalimidwe. Bungwe la parishi lingasankhe anthu atatu osunga cinsinsi, mmodzi wa iwo akhale mai, oti munthu wolandira kalata ya ku banki angawaone pambuyo pa Misa kapena mapemphero. Nchito yao ikhale kuwerenga mapepala, kuthandiza kulemba kalata, ndi kuperekeza munthu ku banki kapena ku Legal Aid Board. Munthu amene alowa mu ofesi ya manijala ali ndi mnzake pambali amalankhula mosiyana ndi amene alowa yekha miyendo ikunjenjemera. Makopaletivu nawonso angacite cimodzi-modzi pa misonkhano yao, m'malo mokamba za feteleza yekha-yekha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano tikamba za denga lenileni.

Kwa a mabanki tili ndi pempho. Mukakana kukonzanso nkhongole, nenani cifukwa cake m'mau amene munthu wamba angamve, ndipo nenani cimene cikanakupangitsani kuvomera. Mu 2020, pa nthawi ya matenda a Covid-19, Bank of Zambia inatulutsa K10 biliyoni yothandizira mabanki kupepukitsa nkhongole za makasitomala ao, ndipo tinaona kuti kukonzanso nkhongole n'kotheka pakakhala cifuniro. Cilala naco ndi tsoka limene mlimi sanaliitane. Mlimi amene analipira bwino zaka zisanu n'kugwa caka cimodzi ca dzuwa si wofanana ndi munthu amene anatenga loni n'kukagula galimoto yoyendera ku mowa. Famu yolandidwa imakhala miyezi yambiri ikumera thengo, mawaya akubedwa, mtengo ukutsika. Mlimi wosiyidwa pa munda wake ndi malipiro ogwirizana ndi nyengo amabweza, ndipo mawa adzabweranso kudzakongola.

Pomaliza tibwerere kwa inu amene kalata ili pansi pa sutukesi. Sitikulonjezani kuti nyumba iliyonse ingapulumuke, cifukwa zina zidzapita ndithu. Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa banja limene lagulitsa lokha n'kusamuka ndi ndalama zoyambira moyo wina, ndi banja limene katundu wake waunjikidwa pa mseu mvula ikugwa. Kusiyana kumeneko kumapangidwa m'masabata oyamba kalata itafika. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Itulutseni kalatayo madzulo ano, muiwerenge pamodzi ndi a m'nyumba mwanu, muone deti imene inalembedwa, ndipo mawa m'mawa mulembe yankho.